Mwala wa Abambo ndi Galimoto Yonjenjemera

Kwa Mphambanya,
Dedza.
6 Ogasiti 2023

Mlongo wanga Erica,

Ndikhulupirira uli bwino ku Bulawayo kumeneko pamodzi ndi ana, Bernard ndi Nelia. Kuno tilipo, kupatula makutu angawa amene akunka natseka. Pa foni ndimangomva ngati njuchi m'botolo, n'chifukwa chake ndikulembabe makalata ndi kupatsira a Issa, amalonda aja amakwera basi kubwera kwanuko.

Nkhani ndi iyi. Abale a malemu mwamuna wako, alamu anga a Jim, anawoloka mtsinje Lamlungu kudzandiona. Akuti papita zaka ziwiri chiwaikireni, koma manda akadali mulu wa dothi ngati a munthu wosabereka. Aika tsiku la chiliza: Loweruka lomaliza la Okutobala, mvula isanadzaze mtsinje. Ndinawauza kuti inu munagula mwala wakuda wa ku Zimbabwe, wolembedwa dzina. Anayankha kuti mwala umenewo aumva ndi makutu mokwanira, maso ndiwo sanauone. Ukapanda kufika tsiku limenelo amanga okha chiliza cha simenti, ndipo akamanga amanga, sadzagumulanso. Iwe ukudziwa zimene mudzi udzanene: kuti mkazi wa Jim ndi mtchona weniweni, anaiwala ndi pamene pagona mwamuna wake.

Msewu wochoka pa tala kufika kuno waipa kwambiri. Musabwere ndi kagalimoto kokwawa ndi mimba. Pafunika yaitali miyendo.

Undiuze za msana wako. Nanga injiniya wathu Nelia, akugulitsabe mabawuti?

Mlongo wako,
Fyson


Njube,
Bulawayo.
24 Ogasiti 2023

Malume,

Moni. Kalata yanu yafika ikununkha usipa wa a Issa. Amayi msana ukuwavutabe ndipo cholembera chimawatopetsa, ndiye ndikulemba ndine, injiniya wanu wa mabawuti. Inde, ndikugulitsabe zitsulo za galimoto mu shopu ya mwini wake ku Kelvin. Fakitale ya abambo ikanapanda kutsekedwa ndili chaka chachitatu ku yunivesite, bwenzi mukundilembera ndi ulemu. Zikomo pofunsa.

Mwala ulipo. Uli kuseri kwa nyumba pa matayala akale, ndipo amayi amaupukuta m'mawa uliwonse ngati mwana wopita kusukulu. Vuto mwabweretsa ndinu, ndi mawu anu aja akuti yaitali miyendo. Achimwene anga a Bernard ali ndi bhaki, galimoto ya katundu yabwinobwino, yokoka ndi matayala onse anayi, imene ikanawoloka kamtsinje kanuko osanyowa mawondo. Koma atamva kalata yanu anathamanga nayo kwa mnzawo wa garaja ya pansi pa mtengo ku Belmont, nakaikweza. Masipuling'i aatali, matayala ngati a thirakitala. Ine sanandifunse. Ndine mkazi, ndipo ndilibe pepala.

Tsopano yatalika moti amayi amakwera poponda kreti ya mabotolo. Ndipo ikunjenjemera. Ponyamuka imagwedezeka ngati mbuzi yokana chingwe. Ikathamanga pang'ono, galasi loonera kumbuyo limaonetsa makombi atatu pamene pali minibasi imodzi. Tinawayesa amayi kungofika nawo pa siteshoni ya mabasi ya Renkini; anatsika atagwira msana, mawa lake sanadzuke. Ndiye muganize Harare, Tete, mpaka Dedza. Tikafika ndi mwala wosweka ndi mayi wosweka.

A Bernard akuti ndi matayala. Si matayala. Pansi pa galimoto pali chitsulo chachitali chozungulira, shafuti, chimene chimatenga mphamvu ya injini kupita nayo ku matayala akumbuyo. Chili ndi mfundo zopindika ngati mawondo. Mawondowo akapindika mofanana chimazungulira mosalala. Mukakweza thupi la galimoto, bondo lina limapindika kuposa linzake, ndiye chimazungulira motsimphina. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Ndawafotokozera mpaka pakamwa pauma. Iwo apita kukapimitsanso matayala.

Auzeni akutsidya kuti tikubwera, koma amayi anga sakwera galimoto imeneyi ili chonchi. Ndanena ndine.

Amayi akuti ndifunse ngati nyumba ya malemu agogo ikadali chiimire, ndiponso ngati dimba la kumunsi munapatsa munthu. Sindikudziwa kuti mlendo wa masabata awiri afuna dimba lachiyani, koma ndafunsa.

Nelia

Malume, ndine Bernard, ndapeza kalata pa tebulo. Hayi, musamumvere sisi uyu. Imota ili bwino zedi, anthu m'tauni amaima kuiyang'ana. Kunjenjemerako ndi mphamvu. Mudzaiona nokha.


Kwa Mphambanya,
Dedza.
10 Seputembala 2023

Nelia mwana wanga,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinawoloka nayo kukawawerengera akutsidya. Pamenepo ndinalakwa. Nditafika pa mawondo a galimoto, azakhali ako aakulu, mlongo wa bambo ako, anaseka mpaka kutsamwa. Akuti: «Chaka chatha anati mapasipoti. Chaka chino galimoto yadwala malungo. Chaka chamawa tidzamva kuti mwala uli ndi pakati.» Mawa lake anatuma ngolo kukatenga simenti. Ndaiona ndi maso anga, ili pakhonde pawo.

Ena kuno akuti mwina ndi alamu a Jim eni ake akugwedeza galimotoyo, chifukwa mwachedwa. Ine ndine mkulu wa mpingo, zoterozo sindikhulupirira. Komabe kaufa pang'ono pa tayala lakutsogolo sikanaphepo munthu. Umuuze Bernard.

Tsono ndikufunse ine malume ako, pakati pa iwe ndi ine. Kodi chikunjenjemera ndi galimoto, kapena ndiwe amene sukufuna kuti amako abwere? Ife kuno takulira pamwamba pa malole ogwedeza mpaka mano kuguluka, koma tili moyo. Sukulu yako ija inali yambiri, ndikudziwa. Koma bambo ako sagona pansi pa masamu.

Uwauze amako kuti nyumba ya agogo ilipo. Ndakhomapo malata ena ndi chitseko chatsopano. Dimba sindinapatse munthu. Ndi lawo, ndingapatse ndani?

Ndiyankhe msanga.

Malume ako,
Fyson


Njube,
Bulawayo.
27 Seputembala 2023

Malume,

Moni. Tili bwino, ngakhale simunafunse za ine koma za tayala lakutsogolo.

Funso lanu lija ndiyankha kamodzi. Amene amawatikita amayi msana akalephera kudzuka ndine, osati azakhali a simentiwo. Ndikanafuna kuti asabwere, ndikanangowasiya a Bernard anyamuke nawo. Akanabwerera pa Gweru.

Ufa a Bernard anathira. Nkhuku za aneba zikuthokoza. Galimoto itapitiriza kunjenjemera, anabwera ku Kelvin nthawi ya nkhomaliro, naima pa kauntala ngati kasitomala. «Sisi,» anatero akuyang'ana kudenga, «ukapeza mpata ungoisuzumirako pansi, mwina pali kanthu kakang'ono.» Ndinawafunsa ngati akufuna injiniya kapena wogulitsa mabawuti. Anati aliyense amene ali pafupi.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinalowa pansi pake. Foni yanga imatha kuyeza kupendekeka kwa chinthu. Ndinaigoneka pa shafuti ndi pa mfundo iliyonse. Zinali monga ndinanenera. Shafuti ya galimoto imeneyi ndi ya zigawo ziwiri, ndipo pakati imagwiridwa ndi beringi yomangiriridwa ku thupi la galimoto. Thupi litakwera, beringi inakwera nalo, matayala n'kutsala pansi. Ndinaitsitsa poika mawashala okhuthala, tizitsulo tozungulira tabowo pakati, pa mabawuti ake, ndipo pakati pa masipuling'i ndi ekiselo ya matayala akumbuyo ndinalowetsa tizitsulo tosongoka mbali imodzi kuti difu, bokosi la magiya la pakati pa ekiselo, iyang'ane kumene shafuti ikuchokera. Titaiyesa, inayenda ngati ikutsetsereka pa sopo. A Bernard anangoti, «Matayala aja akhazikika tsopano.»

Ndinanyada sabata imodzi yokha. Loweruka kunali maliro ku Luveve, ndipo a Bernard ananyamula amayi a chigwirizano odzaza kumbuyo, ndi mapoto awo ndi nkhuni zawo. Galimoto inayambiranso. Amayiwo akuti nyimbo inkatuluka yodukaduka. A Bernard anafika kunyumba akumwetulira ngati apambana mlandu: «Injiniya, wodwala wako wadzuka.»

Musauze azakhali, koma apa ndinapusa ndine. Ndinakonza galimoto yopanda kanthu. Ikalemedwa, kumbuyo kumakhala pansi, mawondo aja amasinthanso, ndipo mawashala anga amakhala ochuluka. Ine mwana wa mtchona, wokulira m'nyumba imene munthu sapita kwawo popanda thumba pamutu ndi lina kumsana, ndinayeza galimoto yopita kumudzi ngati ikupita kukagula buledi.

Ndiye ndinalamula kuti chilichonse chopita ku Dedza chikwere, pompano, kuti ndiyeze zenizeni. Amuna a mumsewu mwathu anakweza mwala pa matiresi. Kenako amayi anayamba kutulutsa zawo. Sutikesi. Thiranki ya chitsulo ija anabwera nayo pa ukwati. Mapoto onse aakulu. Jekete ya abambo. Pomaliza, makina osokera, ndi miyendo yake yomwe.

«Amayi, masabata awiri mukasoka chiyani?»

«Kumudzi zovala zimang'ambika.»

«Nanga mapotowa?»

«Uli ndi mafunso ngati wapolisi wa pa boda. Yeza galimoto yako.»

Ndinawauza kuti nawonso ndi katundu, akwere. Anakhala pampando wakumbuyo ndi kapu ya tiyi, a Bernard pa chiwongolero, ine pansi ndi foni ndi sipanala, fumbi likugwera m'maso. Ndinkamva akukambirana pamwamba panga kuti mwana uyu akanakhala wofatsa akanakwatiwa kale. Ndinachotsa mawashala ena, n'kusiya opyapyala. Tinapita kukaiyesa pa msewu wa ku Harare, amayi atagwira kapu yodzaza. Silinatayike ngakhale dontho. Anati tiyi ngwozizira, ndiwo mathokozo amene ndinalandira.

Choncho tikubwera. Tinyamuka Lachitatu la sabata ya chiliza. Koma dziwani kuti galimoto siingakonzedwe mbali ziwiri. Ndaikonzera ulendo wobwera, wolemera. Pobwerera mwala udzakhala utatsala, tidzakhala opepuka, ndipo idzanjenjemera njira yonse. Amayi ndidzawakhazika pa mapilo. Mwalawo umalemera ngati matumba asanu ndi limodzi a chimanga, ndiye mutha kuona kusiyana kwake.

Nelia


Kwa Mphambanya,
Dedza.
11 Okutobala 2023

Nelia,

Moni sindipereka wambiri chifukwa wandinyoza.

Ndani anakuuza kuti mudzabwerera opepuka? Kodi ku Bulawayo mumaganiza kuti kuno tinafa ndi njala? Chiyambire agogo ako aamuna kupita ku migodi, palibe munthu wa banja lino anachoka pano chimanjamanja. Wanena matumba asanu ndi limodzi. Ndamva. Mtedza ulipo, nyemba zilipo, mbatatesi ya ku Dedza ukuidziwa. Azakhali ako atamva kuti mwana wa Jim akuti tidzamubweza wopanda kanthu, aleka za simenti, akusenda chimanga. Akuti aonetsa machona kuti kulemera n'chiyani. Mawashala akowo usawakhudze.

Koma fulumirani. Mchenga anatuta kale, uli pamanda, ndipo dzulo kumapiri kunagunda.

Uwauze amako kuti m'nyumba muja tazira, ndipo pawindo la kum'mawa pamalowa kuwala kokwanira kusokera.

Malume ako,
Fyson


Njube,
Bulawayo.
8 Novembala 2023

Amayi,

Moni. Tinafika. Ndikhulupirira dimba lanu lili bwino, poti ndilo mwana wanu tsopano.

Ndikulemba kuti mudziwe kuti sindinaiwale kanthu. Ndinakufikitsani Lachisanu dzuwa lisanalowe, msana wanu uli wonse, mwala wopanda ndi mng'alu womwe. Galimoto inawoloka mtsinje mudzi wonse ukuonerera, a Bernard akugwedeza dzanja pawindo ngati ofuna mavoti. Loweruka munaona nokha azakhali akusisita dzina la abambo ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, kenako n'kunena kuti simenti yawo ija anagulira maziko a mwalawo kuyambira kale. Ndinakhala chete. Mundiyamikire pamenepo, chifukwa yankho ndinali nalo.

Ndiye tsiku lonyamuka. Malume akweza matumba awo, akuwerengera mokweza kuti akutsidya amve. A Bernard aliza injini. Ine ndakonza mapilo pampando wanu, ndaika kreti pansi kuti mupondepo. Inu n'kutuluka m'nyumba ya agogo mutavala chitenje chakumunda, khasu paphewa, n'kunena kuti, «Muyende bwino, ana anga.» Ngati tinabwera kudzakuchezerani.

Munadikira injini ilire kuti ndisapeze mpata wolankhula. Malume ankadziwa. A Bernard akuti ankaganizira. Malata, chitseko, dimba, makina ndi miyendo yake: zina ndinawerenga ndi maso anga, zina ndinalemba ndi dzanja langa, zina ndinakweza ndi manja anga, ndinagona pansi pake n'kuziyeza. Zaka zitatu za uinjiniya.

Tsono imvani zotsatira zake. Malume anabweza kulemera kwa mwala, anachita bwino. Koma palibe amene anabweza kulemera kwa thiranki, makina, mapoto ndi inu. Galimoto inayamba kunjenjemera titangodutsa mlatho wa ku Tete, pang'onopang'ono, pansi pa mpando. A Bernard akuti sanamve kanthu. Akuti inayenda bwino kuposa popita, ndipo akuti mwina ndi mwendo wanga. Munthu amene ankati kunjenjemera ndi mphamvu lero akundiphunzitsa ine.

Tatsitsa matumba, ndiye tsopano ikugwedezeka poyera, ngakhale iwo akuvomera. Akundikakamiza kuti ndibwezeretse mawashala okhuthala aja. Ndi ntchito yosatenga ndi theka la tsiku. Ndidzaona Lamlungu.

Mankhwala a msana ali m'thumba lam'mbali la sutikesi. Musamanyamule ndowa. Muuze wina azikutikitani, ngakhale sadzadziwa malo ake.

Nelia


Kwa Mphambanya,
Dedza.
26 Novembala 2023

Nelia wanga,

Ndalemba ndekha, pang'onopang'ono, usaseke zilembo. Ndili bwino. Mvula yagwa, mtsinje wadzaza, koma ndikaima pa dimba mwala wa bambo ako umaoneka kutsidya, ukuwala. M'mawa ndimawapatsa moni. Sayankha, monga kale.

Ukuti sindinakuuze. Ndikanakuuza mu Ogasiti, galimoto ija ikanapola? Iwe ndinakubala ndine. Ukanapeza bondo lina, ndi linanso, mpaka mvula. Sindikuti ukananama, iwe sunama. Ukanangoyeza mosamala kwambiri.

Ndinapita ku Bulawayo ndili mtsikana, kutsatira mwamuna, ndipo anandiuza kuti ndi zaka ziwiri zokha. Iye wabwerera. Ine ndikanatsalira chiyani, kulondera kabati?

Za kutikita wanena zoona. Mkazi wa malume ako amakanda ngati akuchapa bulangeti.

Tsono mawashala. Usawabwezeretse. Unanena wekha kuti galimoto imeneyo unaikonzera ulendo wobwera kuno, wolemera. Isiye choncho. Bernard akafuna kuyenda m'tauni azinyamula amayi a chigwirizano, adzapeza madalitso. Bedi langa, kabati ndi mbaula ndinazisiya dala. Mtsinje ukaphwa, pa Pasaka, ukweze zimenezo ubwere nazo. Ubwere iweyo, osati kutuma a Issa.

Udye. Ukakwiya sumadya.

Amako


Njube,
Bulawayo.
12 Disembala 2023

Amayi,

Moni. Ndikudya.

Mawashala sindinawakhudze, koma osati chifukwa mwanena ndinu. Ndinalibe nthawi.

Bedi, kabati ndi mbaula ndayeza. Ndikawonjezera shuga ndi sopo wa azakhali, zikwana. Kubwera tibwera bwino. Vuto ndi pobwerera. Ndawerengera mbali zonse, ndipo ngakhale malume akweze nkhokwe yawo yonse, kulemerako kumakhala kumbuyo kwenikweni. Pampando wa kumbuyo kwa dalaivala pamasowabe munthu mmodzi, wamfupi, wamakani, womwa tiyi. Popanda ameneyo sindingalonjeze kanthu za galimotoyi.

Ndi masabata awiri okha, a Bernard adzakubwezani. Makina osokera musatenge.

Nelia